Chenjezo kwa a kwathu okhala ku Britain: galu si wotchi yodzionetsera

Ana anga, ndi inu abale amene tili limodzi kuno ku Mangalande, nkhaniyi ndaisunga m'mimba kwa milungu ingapo koma yakana kukhazikika. Amene akwiye akwiye ndithu. Imvi zili kumutuzi sindidagule ku sitolo.

Pa chikondwerero chathu cha 6 July tidasonkhana pa paki ina monga mwa chizolowezi. Amayi adabwera ndi mapoto a nsima, wina adatulutsa usipa umene adautenga kumudzi, anyamata akuwotcha nyama, ana ali yakaliyakali kuthamangitsana ndi mpira. Ndiye kudatulukira mnyamata wina wa kwathu konkuno atatsogoza chigalu. Mutu ngati mtondo, chifuwa ngati thole, makutu odulidwa, kukamwa kuli pululu popanda chotsekera. Chingwe adachikoleka ku chala chimodzi, dzanja linalo lili pa foni. Anzake adamuunjirira n'kumajambulitsa nacho. Nditamuitanira pambali n'kumufunsa kuti galuyo ndi wa mtundu wanji, adaseka: "Ankolo musadandaule, ndi kamwana aka, sikaluma." Ndidafunsa mapepala ake. Akuti galu si wake, akungomusungira mnzake amene wapita ku holide. Pamene tinkayankhula choncho n'kuti kamdzukulu ka mayi wina, kosakwana zaka zitatu, kakudza chakumeneko katanyamula fupa la nkhuku m'manja.

Palibe chidachitika tsiku limenelo. Mulungu adatikomera mtima. Koma ine nsima sindidaimvenso kukoma.

Mwina ena mwabwera posachedwa pa viza ya ntchito yosamalira okalamba ndipo malamulo a kuno simudawamvetse. Imvani tsono. Kuno kuli lamulo la 1991 lotchedwa Dangerous Dogs Act, limene lidaletsa mitundu inayi ya agalu: Pit Bull Terrier, Japanese Tosa, Dogo Argentino ndi Fila Brasileiro. Mu September 2023, galu ataluma kamtsikana ka zaka 11 mumsewu ku Birmingham, ndipo patangopita masiku ochepa bambo wina ataphedwa ndi agalu awiri ku Staffordshire, Rishi Sunak amene anali nduna yaikulu nthawiyo adalengeza kuti mtundu wa agalu akuluakulu wotchedwa XL Bully uwonjezedwa pa mndandandawo. Kuyambira pa 31 December 2023, ku England ndi ku Wales n'koletsedwa kugulitsa galu ameneyu, kumubereketsa, kumupatsa munthu wina ngakhale ulere, kapena kumutaya. Kuyambira pa 1 February 2024, kungokhala naye popanda chiphaso cha boma ndi mlandu. Scotland ndi Northern Ireland adatsatira m'chaka chomwecho. Amene adalembetsa nthawi isadathe, ndipo adalembetsa agalu oposa 50,000, adalipira mapaundi 92.40 ndipo adauzidwa kuti galuyo amufule, akhale ndi microchip (kachipangizo komuzindikiritsa koikidwa pansi pa khungu), ndipo akatuluka naye pagulu akhale pa chingwe, kukamwa kotseka. Khomo lolembetsera lidatsekedwa kale. Lero chiphaso chimatuluka pokhapokha khoti litalamula.

Ndiye ndikufunseni inu amene mumagula ana agalu pa Facebook ndi pa WhatsApp, mumakumana ndi wogulitsa pamalo oimika galimoto n'kupatsana ndalama m'manja: munthu akakugulitsani galu wa mtengo wa mapaundi masauzande pa mtengo wa nsapato, simudabwa? Akukutulirani mtolo wake wa mlandu ameneyo. Safunsa adadya phula. Ndipo musadzinamize ndi kapepala kamene wakulemberani koti ndi galu wosakaniza mitundu. Apolisi a kuno sayeza magazi a galu, ndipo dzina limene mwamutcha alibe nalo ntchito. Amabwera ndi tepi n'kuyeza msinkhu, kuyang'ana mutu, khosi ndi chifuwa. Kwa XL Bully, wamphongo akafika masentimita 51 paphewa, wamkazi 48, ndipo maonekedwe ena akagwirizana ndi zimene boma lidalemba, basi wagwa m'gulu loletsedwa. Atha kumulanda ngakhale sadalumepo munthu, ngakhale palibe wadandaula. Amakamutsekera ku khola lawo, inu osaloledwa kukamuona, kudikira khoti. Kukhotiko ndi inu amene muyenera kutsimikiza kuti galuyo si wa mtundu woletsedwa. Mukalephera, chindapusa chake chilibe malire, ndende mpaka miyezi isanu ndi umodzi, ndipo galuyo atha kuphedwa. Makutu odula aja nawonso ndi mlandu wina pawokha, chifukwa kudula galu makutu n'koletsedwa dziko lino. Inu amene mukudikira mapepala okhalitsa, mudaganizapo kuti mbiri ya mlandu idzaoneka bwanji pa fomu ya ku Home Office, unduna woona za anthu olowa m'dziko? Mudawoloka nyanja, mudagulitsa poloti, makolo akudikira kangachepe mwezi ndi mwezi, zonsezo n'kuziika pachiswe chifukwa cha chithunzi cha pa TikTok?

Ndikudziwa zimene ena muyankhe, poti ndazimva kale: lamuloli n'lopanda chilungamo, likuweruza galu ndi nkhope. Pamenepo sindikutsutsani kwenikweni. Bungwe loteteza nyama la RSPCA ndi madokotala ambiri a ziweto akhala akunena zomwezo kwa zaka zambiri, kuti galu wofatsa amaphedwa chifukwa cha kukula kwa mutu pamene wolusa wa mtundu wina akuyenda mwaufulu. Dziko la Netherlands lidaletsa ma pit bull mu 1993, n'kudzachotsa chiletsocho mu 2008 litaona kuti anthu olumidwa sakuchepa. Italy nayo idafafaniza mndandanda wake mu 2009. Kuno komwe, zaka zoposa makumi atatu chikhazikitsireni lamulo la 1991, anthu ogonekedwa m'chipatala chifukwa cholumidwa akhala akuchulukirachulukira. Mtsutso umenewo ulipo, ndipo amene ali ndi mtima nawo akalembere phungu wa dera lake. Koma poti simugwirizana ndi lamulo ndiye mubweretse chilombo pakati pa ana a anzanu? Mkangano wa ku nyumba ya malamulo ku Westminster sudzasoka tsaya la mwana.

Komanso tisamanamizane kuti agalu onse ndi amodzi. Kagalu ka m'manja kakapsa mtima mumamanga bandeji n'kupita ku ntchito. Galu wolemera ngati thumba la chimanga akagwira, amuna atatu amalephera kumulekanitsa. Ku Caerphilly mu November 2021 mnyamata wa zaka 10 adafa atapita kukacheza kwa mnzake, ndipo galu adamuphayo anali atangofika pakhomopo masiku ochepa. Amene ankayang'anira galuyo adalowa m'ndende. Ku St Helens mu March 2022 kamwana ka miyezi 17 kadaphedwa m'nyumba mwa makolo ake ndi galu amene adagulidwa sabata imodzi yokha m'mbuyomo. Ku Jaywick mu February 2024, chiletso chitangoyamba, gogo wina adafa atapita kukaona mdzukulu wake. Ku Hornchurch mu May chaka chomwecho mayi adaphedwa ndi agalu ake omwe, awiri, olembetsedwa bwinobwino ku boma. Taonani kumene zidachitikira: m'nyumba, kumene chotsekera kukamwa chimakhala chitapachikidwa pa msomali. Ndikhulupirira kuti m'makomo onsewo mudamvekapo mawu aja akuti "saluma ameneyu". Chakudza sichiimba ng'oma.

Tsopano nditembenukire kwa inu ena amene mukuwerenga mukugwedeza mutu, mukuti ife wathu ndi German Shepherd, wathu ndi Rottweiler, wathu ndi Cane Corso, sali pa mndandanda. Inu ndiye mumandiopsa kwambiri, chifukwa mndandandawo wakugonetsani tulo. Lamulo lomwelo lili ndi gawo lina losasankha mtundu. Galu aliyense akalusa osagwirika, mlandu ndi wa mwini wake kapena amene ali naye pa nthawiyo, ndipo mawu omalizawo akukhudza iwe mnyamata wosungira mnzako. Kuyambira 2014 gawoli limagwira ntchito ngakhale m'nyumba mwanu ndi kuseri kwa mpanda wanu. Galu akavulaza munthu, ndende mpaka zaka 5. Akapha, mpaka zaka 14. Akavulaza galu wotsogolera munthu wosaona, mpaka zaka 3. Sachitanso kufikira poluma. Kungochititsa munthu mantha omveka kuti alumidwa, mwalakwa kale. A Royal Mail amanena kuti ogawa makalata awo pafupifupi 2,000 amachitidwa chipongwe ndi agalu chaka chilichonse, ambiri pakhomo penipeni ndi pa kabowo koponyera makalata.

Vuto lathu ndi loti taweta galu wa kuno ndi nzeru za kumudzi. Kwathu galu amagona panja, amadya mikute, amatsagana ndi anyamata kosaka mbewa ndi akalulu, akafika madzulo watopa. Kumeneko chimene tinkaopa ndi chiwewe. Kuno mwatenga chinyama champhamvu n'kuchitsekera m'kanyumba kam'mwamba, inu mwapita ku shifiti ya maola khumi ndi awiri, mukabwera mwatheratu, kuyenda nacho ayi, kuchiphunzitsa ayi, mwini nyumba sakudziwa n'komwe kuti muli galu. Ena mumachita kumumenya kuti akhale wolusa, ati alonde nyumba. Alonde chiyani, TV ya pangongole? Kenaka Loweruka mwaitana anthu a ku tchalitchi ndi ana awo, phokoso, fungo la nyama, ana akumukoka mchira, inu muli kukhitchini. Walira mvula walira matope: ngati mwafuna galu, funaninso nthawi yake, ndalama za dokotala wake ndi sukulu yake.

Alongo athu ogwira ntchito m'makomo mwa okalamba, inunso musachite manyazi. Mukapeza galu wokukayikitsani pakhomo la amene mukumusamalira, pemphani kuti amutsekere m'chipinda china musanalowe, ndipo auzeni abwana anu polemba kuti pakhale umboni. Ulemu wathu uja womangoti "zikomo, palibe vuto" usakulumitseni. Ndi abale athu a ku Joni amene mumagwira ntchito m'minda ya maluwa ndi m'nyumba za mabwana, kumeneko pit bull sadaletsedwe ngakhale anthu adasainira chikalata chopempha chiletso mu 2022 mwana wina ataphedwa ku Gqeberha, choncho mwini nyumba akati "walowa kale m'khola", onani ndi maso anu geti lisanatsekedwe kumbuyo kwanu.

Makolo, phunzitsani ana kuti galu wa mwini sagwidwa osapempha, galu akudya kapena akugona sasokonezedwa, ndipo akawathamangira aime chilili manja atapinda, osathawa akukuwa. Mwana wamng'ono asatsale yekha ndi galu, kaya ndi wa mtundu wanji, kaya mudamulera kuyambira ali kakhanda.

Mnyamata uja ndidamuuza kuti achoke naye galuyo, ndipo adachoka akung'ung'udza kuti madala a kuno amadzimva. Mayi ake ndimawadziwa, tidachokera boma limodzi, ndipo ndawaimbira kale foni. Ndayankhulanso ndi a komiti. Chaka chamawa pa 6 July ndidzakhala pa mpando pafupi ndi polowera, ndipo wobwera ndi galu wotere kukamwa kuli pululu ndidzamubweza pomwepo. Akadzakana, 101 ya apolisi ndidzaimba ndine.