Chenjezo kwa a kwathu okhala mu Harare: kolera sanachoke, mvula ili pafupi

Abale athu a ku Mbare, Highfield, Mufakose, Mabvuku, Tafara, Epworth, Dzivarasekwa ndi kulikonse kumene Chichewa chimamveka mumzinda muno, takhalani pansi mumve. Mitambo yayamba kusonkhana. Mvula yoyamba ikagwa idzakokolola zonyansa zonse zimene zaunjikana m'ngalande chilimwe chonse, n'kukazitsira m'zitsime zimene mumatungamo. Izi mukuzidziwa. Chotiwawa n'chakuti mukuzidziwa koma mukuchita ngati anthu amene sanaikepo maliro a kolera.

Mwaiwala msanga bwanji? Mu Ogasiti 2008 kolera anabuka ku Chitungwiza, n'kufalikira ku Budiriro ndi dziko lonse. Pofika pakati pa 2009 anali atagwira anthu oposa 98,000, ndipo oposa 4,000 tinawaika m'manda. Mu Seputembala 2018 anabweranso kudzera ku Glen View ndi Budiriro, anthu oposa 10,000 n'kudwala. Mliri wa 2023 unayambira ku Chegutu mu Febuluwale, pofika Novembala akuluakulu a mzinda wa Harare analengeza kuti zinthu zafika poipa, makamaka ku Kuwadzana. Pamene boma linkanena mu 2024 kuti mliri watha, odwala anali atapitirira 34,000, omwalira oposa 700. Kwathu ku Malawi nakonso, mliri wa 2022 ndi 2023 unatenga anthu oposa 1,700. Inu amene mumakwera mabasi pa Roadport kudzera pa Nyamapanda ndi Tete, dziwani kuti ambiri amene alowedwa ndi tizilombo ta kolera samva kanthu m'thupi, koma amatitulutsa m'chimbudzi kwa masiku mpaka 10. Mukhoza kutinyamula kupita nato kumudzi, kapena kubwera nato kuno, muli gwa ngati mwala.

Tiyambe ndi madzi, chifukwa ndi pamene ambiri mukudzinamiza. Mumati madzi a pamjigo ndi oyera, amachokera pansi penipeni, safuna mankhwala. Mu 2018 mijigo ina ya ku Glen View itayezedwa inapezeka ndi tizilombo tochokera m'zonyansa za anthu, ndipo inatsekedwa. Madzi ake anali oyera mbee, ozizira bwino, okoma pakamwa. Diso siliona kachilombo ka kolera. Mapaipi a suweji mumzinda muno ndi akalekale, amaphulika kawirikawiri, ndipo zotulukamo zimalowerera pansi mpaka kukumana ndi madzi amene mjigo umakoka. Chitsime chokumba ndi manja ndiye choopsa koposa. Malangizo a zaumoyo amati chitsime chitalikirane ndi chimbudzi chokumba mamita osachepera 30, ndipo chikhale chakumtunda kwake. Tayezani pabwalo panu ku Epworth kapena ku Hopley, muwerengenso chimbudzi cha aneba anu kuseri kwa mpanda. Ndi angati amene mwakwanitsa mamita 30?

A pampopi nawonso musawakhulupirire mwachimbulimbuli. Harare imamwa madzi a m'nyanja ya Chivero, nyanja yomwenso imalandira zonyansa za mzinda womwewu kudzera m'mitsinje ya Mukuvisi, Marimba ndi Manyame. Kumalo oyeretsera madzi a Morton Jaffray amawasefa n'kuthiramo klorini, inde, koma ulendo wochoka kumeneko kufika pakhomo panu ndi wautali. Madzi akasiya kutuluka kwa masiku angapo, paipi imakhala yopanda kanthu, ndipo imayamwa madzi oipa a m'nthaka kudzera m'ming'alu. Tsiku limene abwerera, oyambirira aja ndi amene anyamula zonsezo. Koma taonani mmene mumathamangira ndi ndowa usiku, n'kutunga oyambirira omwewo, ana n'kumwa pompo. Asiyeni atuluke kaye mpaka ayere, oyambawo mukathire kuchimbudzi, ndipo amene mwatungawo muwateteze ndithu.

Kuteteza kwake si kovuta. Ngati mukuwiritsa, madzi abwate kwenikweni, achite kugaduka kwa mphindi imodzi yathunthu, osati kungotulutsa nthunzi. Tikudziwa kuti magetsi amavuta ndipo gasi ndi wodula, n'chifukwa chake klorini ndiye wothandiza ambiri. WaterGuard mumathira kachivindikiro kamodzi m'chigubu cha malita 20, kukhutchumula, n'kudikira mphindi 30. Mapiritsi a Aquatabs amasiyana kukula, choncho werengani papepala kuti piritsi lanulo ndi la malita angati, nawonso mudikire mphindi 30. Madzi akakhala amatope, yambani mwawasiya adikhe, muwasefe ndi nsalu yoyera, kenaka muwirikize muyezo wa WaterGuard, chifukwa matope amadya mphamvu ya klorini asanafike pa tizilombo. Zolakwa zanu ndi ziwiri: kumwa mphindi 30 zisanakwane, ndi kuchepetsa muyezo poti madzi akununkha mankhwala. Kafungo kameneko ndi chizindikiro chakuti klorini akadalimo ndipo akulondera madzi anu. Bambo wamkulu ndi ndevu zake kukana madzi chifukwa cha fungo, ana akuonerera, n'zamanyazi.

Ndipo mukawateteza musawaipitsenso. Ndowa yapakamwa potambalala, kapu imodzi yomwera yomweyo n'kukhalanso yotungira, mwana wochokera kuchimbudzi n'kupisamo dzanja mpaka m'chigongono: ntchito yonse ija yapita pachabe. Sungani madzi akumwa m'chigubu cha pakamwa pang'ono chotseka, muzichita kutsanula. Thobwa, mahewu ndi mafiliziti ogulitsa kwa ana asukulu apangidwe ndi madzi otetezedwa omwewo. Kuzizira kwa mufiriji sikupha kolera.

Tsopano za pamaliro. Apa tilankhula mosapsatira, chifukwa ife a kwathu timadziwika ndi kulirana, ndipo mabungwe athu othandizana pamaliro ndi amene atisunga m'dziko muno kuyambira nthawi ya makolo athu amene anabwera kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi. Mwambowu ndi wabwino. Koma thupi la munthu womwalira ndi kolera limapitiriza kutulutsa madzi odzaza ndi tizilombo. Amayi amene asambitsa mtembo m'mawa, masana omwewo mumawapeza ali pamphika wa nsima ndi ndiwo za anthu 200. Beseni limodzi la madzi osamba m'manja limayenda kuyambira kwa akuluakulu mpaka kwa ana kumapeto, madzi atachita bii. Uko si kusamba m'manja, ndi kugawana matenda. Pakapita masiku awiri kapena atatu, pakhomo pena pamvekanso mfuu. Kolera amaonekera pakati pa maola 12 ndi masiku 5 chilowereni m'thupi, ndiye werengani nokha kuti maliro otsatizana aja amachokera kuti. Musathamangire kuloza chala nkhalamba ya pamzere wanu kuti ndi mfiti.

Mu 2023 boma linaika malamulo m'madera okhudzidwa: anthu pamaliro asapitirire 50, pasaphikidwe chakudya, pasakhale kugwirana chanza, ndipo azaumoyo aziyang'anira kuika. Ambiri munang'ung'udza kuti akutinyoza. Sanakunyozeni. Kolera ndi matenda amene lamulo la zaumoyo la Zimbabwe, lomwe linakonzedwanso mu 2018, limati azinenedwa kwa akuluakulu a zaumoyo, ndipo kubisa imfa yotere kuti mwambo uyende mwa masiku onse ndi kupha anamalira. Mtembo umatsukidwa ndi klorini wamphamvu ya 2%, m'kamwa, m'mphuno ndi kumusi amatsekamo ndi thonje loviikidwa m'klorini yemweyo, amaukulunga m'thumba lapulasitiki, n'kuika msanga. Amene agwira thupi asayandikire kukhitchini. Abale athu Achisilamu, amene kusambitsa ndi lamulo la chipembedzo, ashehe akambirane ndi azaumoyo kuti osambitsa akhale ochepa, avale magolovesi, ndipo madzi ake atayidwe m'dzenje lothiridwa klorini. Zonyamula thupi lotere ulendo wautali wopita kumudzi, zisiyeni. Posamba m'manja, wina azithirira mnzake ndi jagi, sopo ali pomwepo, madzi akugwera pansi kapena m'beseni lotayira.

Zovala ndi zofunda za wodwala zimafuna klorini wa 0.2%. Ngati botolo la Jik lalembedwa 3.5%, sakanizani kapu imodzi ya Jik ndi makapu 16 a madzi, muviike zovalazo mphindi 10 musanachape. Musakachapire pamjigo kapena pafupi ndi chitsime. Matewera a mwana nawo musawayese opanda vuto. Chimbudzi cha khanda chimanyamula tizilombo ngati cha wamkulu.

Munthu akayamba kutsegula m'mimba mwamadzimadzi, makamaka zotuluka zikamaoneka ngati madzi otsukira mpunga, musadikire kuche. Chimene chimapha pa kolera ndi kutha kwa madzi ndi mchere m'thupi. Wamkulu wodwala kwambiri akhoza kutaya lita yathunthu pa ola limodzi, ndipo amene anadzuka bwinobwino m'mawa akhoza kutisiya dzuwa lisanalowe. Odwala kwambiri akapanda kuthandizidwa, mpaka theka amamwalira. Akathandizidwa msanga, womwalira sakwana mmodzi pa anthu 100. Kusiyana konseku kuli pa madzi, shuga ndi mchere.

Paketi ya ORS, imene kwathu timaitcha Thanzi, imasungunulidwa m'lita imodzi ya madzi otetezedwa. Osati theka la lita kuti ikhale yamphamvu, ayi, mudzamupweteka mwana. Ngati paketi palibe, chitani zimene zipatala za kuno zakhala zikuphunzitsa: botolo la 750 ml la madzi owiritsa, masupuni aang'ono 6 a shuga osalazidwa pamwamba, osati osefukira, ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Lawani, isawawe mchere kuposa misozi. Mwana wosakwana zaka 2 mum'patse 50 mpaka 100 ml nthawi iliyonse akatsegula, wa zaka 2 mpaka 10 mum'patse 100 mpaka 200 ml, wamkulu amwe mmene angathere. Akasanza, dikirani mphindi 10 n'kuyambiranso pang'onopang'ono ndi supuni. Woyamwa apitirize kuyamwa. Zotsala zikagona maola 24, tayani mupange zina. Ndipo zonsezi muzichita muli panjira yopita kuchipatala cha khonsolo chapafupi. Odwala kwambiri amatumizidwa kuchipatala cha matenda opatsirana cha Beatrice Road kapena kumalo ena okonzedwera kolera kumene kuli madiripi. Maso akalowa, khungu mukalitsina n'kuchedwa kubwerera, mkodzo ukasiya, wodwala akalephera kumwa, imeneyo ndi ngozi. Agogo, liwombo la mdzukulu likalowa, si nkhani yomata mankhwala pamutu. Mwanayo watha madzi. Ndipo inu amene mumaopa kuchipatala chifukwa zitupa zanu sizinalongosoke, pitani naye wodwalayo. Za mapepala zikambidwa munthu ali moyo.

Pali khalidwe lina limene latikwiyitsa kwambiri: kugula makapisozi pamsika ndi m'misewu, awiri kapena atatu, kumwa, n'kugona kuti mawa ndidzuka. Ofufuza atayeza tizilombo ta mliri wa 2018 mu Harare anapeza kuti sitinkamvanso mankhwala angapo odalirika, kuphatikizapo ciprofloxacin ndi ceftriaxone, moti madokotala anatembenukira kwa azithromycin. Tayifodi wa mumzinda muno, matenda enanso obwera ndi madzi ndi chakudya choipa, nayenso wakhala akuonetsa kusamva ciprofloxacin. Tizilombo timaphunzira kupirira tikamapatsidwa mankhwala osakwanira, ndipo mphunzitsi wake ndi inu amene mumamwa mapiritsi atatu n'kusiya. Pa kolera mankhwala otere ndi ongothandizira, amaperekedwa ndi achipatala kwa amene akufunikira. Mankhwala omanga m'mimba aja musawakhudze n'komwe. Chothandiza ana pambali pa ORS ndi zinc: 20 mg tsiku lililonse kwa masiku 10 mpaka 14, ndipo wosakwana miyezi 6 ndi 10 mg. Mumalize masiku onse ngakhale mwana atayamba kusewera.

Ena mukuti, ife tinamwa katemera ku Kuwadzana mu Januwale 2024, tinathana nazo. Mvetsani bwino. Katemera wa kolera amayenera kumwedwa kawiri, motalikirana masabata osachepera awiri, kuti ateteze zaka pafupifupi zitatu. Koma mu Okutobala 2022, chifukwa cha kuchepa kwa katemerayu padziko lonse, mabungwe ogawa, kuphatikizapo WHO ndi UNICEF, anagamula kuti pa mliri anthu azimwa kamodzi kokha kuti afikire ambiri. Amene munalandira mu 2024 anali wa kamodzi ameneyo. Chitetezo chake n'chakanthawi, ndipo mwa ana osakwana zaka 5 n'chofookerapo. Musachiyese linga. Akadzabweranso azaumoyo ndi katemera, tulukani nonse, ndipo amene mumafalitsa mabodza pa WhatsApp kuti amatseka mimba za amayi, lekani; mukusewera ndi miyoyo ya ana a eni.

Katemera wa tayifodi ndiye tili naye chifukwa chomudalira. Harare inabaya katemerayu anthu oposa 300,000 kumayambiriro kwa 2019 m'madera ngati Mbare, Glen View, Budiriro ndi Kuwadzana, ndipo kuyambira 2021 ali pandondomeko ya katemera wa ana, pa miyezi 9. Kafukufuku wamkulu wa katemerayu anachitikira kwathu komwe, ku Ndirande ndi Zingwangwa mu Blantyre, pa ana pafupifupi 28,000, ndipo anaonetsa kuti jakisoni mmodzi amateteza ana pafupifupi 8 mwa 10 aliwonse, chitetezo chake n'kukhalapobe patapita zaka zinayi. Tsegulani khadi la kusikelo la mwana wanu lero, muone ngati anabayidwa. Mwana wotentha thupi masiku atatu osasintha, mutu ukuwawa, m'mimba mukupweteka, akayezedwe. Musangoti ndi malungo.

Atsogoleri a mipingo, a m'mizikiti, akuluakulu a kudambwe ndi apampando a mabungwe a maliro, mawu otsiriza ndi anu, chifukwa anthu amakumverani kuposa chikwangwani cha kuchipatala. Pamsonkhano wa mwezi uno patulani ndalama pang'ono m'thumba la bungwe mugule ndowa ziwiri za mpopi, sopo, Jik, magolovesi, WaterGuard ndi mapaketi 20 a ORS, zisungidwe kwa mlembi pamodzi ndi mapoto a pamaliro. Sankhaniretu anthu ophika amene sadzagwira mtembo. Suweji ikaphulika pamzere wanu, musangoikapo njerwa zopondapo. Kaneneni kuofesi ya khonsolo ya m'dera lanu tsiku lomwelo, mubwerezenso mawa lake, ndipo ana muwaletse kusewera pamenepo mpaka akonze.