Mnyamata wa zaka 27 kudya nsima ndi supuni, chifukwa cha poker

Lamulungu lapitali ndinaona chinthu chimene chandikwiyitsa mpaka lero, ndiye ndinene pompano. Tinali kwa amayi, nsima yabwera, ndiwo usipa ndi chigwada chotendera, aliyense wasamba m'manja. Mng'ono wanga wagwira mtanda wake kuti ateme nthongo, nthongo ija pansi. Kuyesanso, pansi. Kenako anangodzuka mwakachetechete, kulowa kukhitchini n'kubwera ndi supuni. Supuni abale! Mnyamata wa zaka 27, sanagwe panjinga, sanachite ngozi, akudya nsima ndi supuni pamaso pa mayi ake.

Ndinamufunsa kuti iwe, dzanjalo latani. Akuti palibe achimwene, ndinangoligonera. Mlamu ndi amene anaulula. Miyezi itatu tsopano munthuyu akudzuka pakati pa usiku n'kumagwedeza dzanja ngati wagwira mbaula. Mabatani a shati amamumangira ndi mkazi wake. Makapu awiri anasweka kale. Ndiye kukada amameza brufen, kutsegula laputopu, n'kukhala pa poker, juga ya makhadi imene amasewera pa intaneti, mpaka tambala woyamba.

Za juga tidzakambirana tsiku lina, ndipo iye akudziwa kale maganizo anga. Lero ndikunena za dzanja. Dzanja si makina. Munthu sungalikhazike malo amodzi maola 9, chala chimodzi chikungodina, kudina, kudina, n'kumadabwa likayamba kukana ntchito. Dzukani pampandopo, ndi mawu okhawo amene ndabwera nawo.

Ndinamukhazika pansi tinawerengera limodzi. Pa tebulo lenileni, pamene munthu amagawa makhadi ndi manja, amagawa mwina maulendo 30 pa ola. Pa intaneti tebulo limodzi limadutsa 60, chifukwa kompyuta sichedwa kusakaniza. Iye amatsegula matebulo 6 nthawi imodzi. Mukachulukitsa 60 ndi 6 ndi maola 9 mupeza maulendo oposa 3,000 usiku umodzi, ndipo ulendo uliwonse dzanja lomwelo liyendetse mausi kuchoka pa tebulo ili kupita pa lija, chala chomwecho chidine. Mayi wosinja pamtondo amapumirako, amasinthana musi ndi mnzake. Wopala matabwa amaima n'kuwongola msana. Koma uyu ayi, akuti akadzuka makhadi abwino amudutsa.

Chimene chinandipweteka mutu kwambiri n'chakuti mipikisano imene amasewerayo imapereka yokha nthawi yopuma. Ola lililonse, ikatsala mphindi 5 kuti likwane, matebulo amaima. Eni masewerawo, anthu amene amadya ndalama zake, anaona okha kuti munthu afunika kudzuka. Ndinamufunsa kuti mphindi 5 zimenezo umatani nazo. Akuti amatenga foni kuona WhatsApp. Kupumitsa chala pa mausi pochipatsa ntchito pa foni! Nanga kumeneko n'kupuma? Dzuka, pita panja, tambasula zala, zungulitsa mapewa, tunga madzi umwe, ubwere. Mphindi 5 zaulere, palibe tambala imene ukulipira.

Ndipo mukanaona pamene amakhala. Mpando wapulasitiki uja wa pamaliro, katebulo ka pabalaza kofika m'mawondo, laputopu pamenepo. Msana wapindika ngati nkhalamba, khosi lalowa m'mapewa, dzanja lagona pakona ya tebulo pamalo pomwe timavala wotchi, lopindikira m'mwamba. Pakonapo vanishi anachoka, pakuoneka thabwa loyera. Thabwa latha, ndiye mnofu wako ukuti uli bwanji?

Pamalo ovala wotchipo pali kanjira kopapatiza. Pansi ndi m'mbali mwake muli timafupa, pamwamba pali kachikopa kolimba. M'kanjira kameneko mumadutsa minyewa 9 yopinda zala pamodzi ndi mtsempha umodzi umene umapereka kumva ku chala chachikulu, cholozera, chapakati ndi theka la chala cha mphete. Mukatupa m'menemo mtsemphawo umapanikizika, zala zimenezo zimachita dzanzi, makamaka usiku, pomwe chala chaching'ono chili bwinobwino. Achipatala amati carpal tunnel syndrome. Ndinamufunsa kuti ndi zala ziti, anandionetsa zomwezo. Ena amene amatsamira chigongono pa tebulo usiku wonse, dzanzi limawagwira ku chala chaching'onocho, chifukwa uko kumadutsa mtsempha wina. Inde, shuga, pakati ndi matenda a chithokomiro zimabweretsanso vutoli, koma uyu alibe pakati, musandivute.

Dzanzi limenelo ndi dzanja likukuuza kuti ndatopa. Iwe m'malo momvera ukulitseka pakamwa ndi brufen. Mankhwala aja amangophimba ululu kuti upitirize kuwononga osamva, ndipo ukamawameza tsiku ndi tsiku, nthawi zambiri wopanda kanthu m'mimba, ukuitananso zilonda zam'mimba. Wosamva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu. Mtsempha uja ukapanikizika nthawi yaitali, kamnofu ka patsinde pa chala chachikulu kamafota, ndipo pamenepo nkhani imakhala ya opaleshoni yodula kachikopa kaja. Ngakhale atadula, mochedwa dzanzi lina silichoka lonse.

Ndiye musandiuze kuti zinthu zake n'zodula. Ndikudziwa kuli mausi oimirira amene dzanja limagwira ngati ukupereka moni, kuli mipando ya mawilo, wokhala nazo ndalama agule. Koma kuika mabuku pansi pa laputopu kuti sikirini ifike m'maso n'kulumikiza kiibodi ndi mausi apadera, kumafuna zingati? Kukhala pa tebulo lodyera m'malo mwa kapabalaza, kuti chigongono chipinde ngati kona ya nyumba, mapazi ali pansi, dzanja lowongoka osati lopindika? Kusuntha mausi ndi mkono wonse m'malo mongopotoza pamfundo? Kuligwira mofewa osati kulifinya ngati lakulakwira? Mapulogalamu ena a poker amalola kuika mabatani a pakiibodi oponyera makhadi ndi obetchera, kuti dzanja lamanzere lithandizeko. Ngakhale kungosinthira mausi kudzanja lina, masiku oyamba umakhala ngati mwana wa sitandade 1 koma umazolowera. Matebulo 6 aja kuwatsitsa akhale 3. Zonsezi anazimva, anagwedeza mutu, n'kundiyankha kuti vuto ndi loti mipikisano yaikulu imayamba madzulo n'kutha m'mawa.

Ndiye ithe m'mawa, iwe dzuka ola lililonse! Ine sindikukana kuti mpikisano ndi wautali. Ndikukana zoti munthu akhale ngati wamangidwa pampando kuyambira 7 koloko madzulo mpaka 4 koloko m'mawa, mkodzo ausunge, madzi asamwe, dzanja lili gwa pa mausi. Anyamatawa onse amakamba za Chris Moneymaker, amene mu 2003 analowera pa intaneti n'kukapambana madola 2.5 miliyoni ku World Series of Poker, mpikisano waukulu wa poker, ku Las Vegas. Chabwino, lota. Koma ndalamazo udzaziwerenga ndi dzanja liti? Mwana wako wa miyezi 8 uja ukuopa kumunyamula kuti angakupulumuke, ndipo zimenezi wanena wekha.

Ndamuuza kuti sabata ino apite kuchipatala akamuone, afunse za fiziyo (masewera olimbitsa dzanja amene achipatala amaphunzitsa) komanso chomangira chija chovala usiku choletsa dzanja kupinda munthu ali m'tulo, ayezetsenso shuga. Ndamuuzanso kuti masabata angapo laputopu ipume. Anandiyang'ana ngati ndamuuza kuti asiye kupuma mpweya. Akuti achimwene simukumvetsa, ino ndi ntchito. Ntchito? Ngakhale kuesiteti ya tiyi anthu amaweruka. Ngati ndi ntchito ndiye chida chako ndi dzanjalo, kalipentala sasiya sowo yake pamvula.

Ndipo inu azakhali ndi ena onse amene mwayamba kale kunong'ona kuti mwanayu amulodza chifukwa anagula foni yatsopano, chonde. Dzulo ndamva kuti pakukonzedwa ulendo wopita naye kwa sing'anga kuti akamuteme mphini padzanja. Mphini pamwamba pa mtsempha wotupa, ndi lezala loti sitikudziwa latema anthu angati. Ndalama ya nkhuku ndi ya thiransipoti yapezeka msangamsanga, koma nditanena zogula tebulo labwino aliyense anayang'ana kumbali. Mfiti yake ili pabalaza pompo, ili ndi chingwe cha chaja, ndipo usiku uno 7 koloko aitsegulanso.