Makina amawerengera, koma maliro sawakhudza

Abale anga a ku Mbare, Highfield ndi Mufakose muno mu Harare, masiku ano mwachuluka amene mukutumizirana mayankho a ChatGPT, pulogalamu ya pa kompyuta yoyankha mafunso, n'kumati chinthuchi chikuganiza ngati munthu. Ine ndikukana, ndipo ndikukana ndi mtima wonse.

Makinawo sindikuwapeputsa ayi. Mu 1997 kompyuta ya IBM yotchedwa Deep Blue inagonjetsa katswiri Garry Kasparov pa masewera a chess. Mu 2016 pulogalamu yotchedwa AlphaGo inagonjetsa katswiri Lee Sedol pa masewera a Go, omwe ambiri ankati makina sangawathe msanga. Pa nkhani yowerengera, anatiposa kalekale.

Koma taonani ubongo wa munthu womwe akufuna kuutsanzirawo. Uli ndi maselo a mitsempha pafupifupi 86 biliyoni, ndipo umayenda ndi mphamvu ya mawati 20 okha, pamene makina akuluakuluwa amadalira nyumba zodzaza makompyuta, magetsi ankhaninkhani ndi madzi oziziritsira. Palinso kanyongolotsi kotchedwa C. elegans, kamene kali ndi maselo otere 302 basi. Asayansi anajambula mmene maselowo amalumikizirana mu 1986, koma mpaka lero kukapanga pa kompyuta kuti kazichita zonse ngati kamoyo kukuvutabe. Ngati nyongolotsi yatikanika, za munthu tikuthamangiranji?

Chomwe chimandigwira mtima kwambiri si manambalawa. Ganizani za maliro kuno kwathu. Gogo amene anabwera kuchokera ku Nyasaland mzinda uno ukutchedwa Salisbury atisiya, banja lakhala pansi: tiwaike ku manda a Mbudzi, kapena tinyamule thupi kudzera ku Nyamapanda ndi Tete mpaka ku Dedza? Mtengo wa galimoto ndi mapepala a pa malire makina angakuwerengereni nthawi yomweyo. Koma amalume amene akuweruza nkhaniyo akukumbukira zomwe malemu ananena ali moyo, akuona nkhope ya mayi wamasiye, akudziwa kuti a sosaite ya maliro asonkha zochepa, akudziwanso kuti akalakwitsa adzanyamula mlanduwo mpaka nawonso atalowa m'manda. Kuganiza kwa munthu n'kumeneko. Kumatuluka m'thupi lomwe limamva njala, manyazi ndi mantha, komanso mwa munthu amene ali ndi abale oti adzamufunsa mawa. Kompyuta ikayankha molakwa, palibe chimene imataya.

Ena amati tsiku lina zidzatheka, popeza ubongo nawo ndi chinthu cholengedwa ndi tizidutswa. Mwina. Koma makina a lero amaphunzira kuchokera pa zolembedwa, ndipo zambiri zomwe makolo athu ankadziwa m'mafamu, m'migodi ndi kudambwe sizinalembedwepo. Chichewa chinalowa m'gulu la zilankhulo 16 zovomerezeka m'malamulo a Zimbabwe mu 2013, koma pa intaneti n'chochepabe kwambiri. N'chifukwa chake zimandipweteka ndikaona mwana wa ku Dzivarasekwa akufunsa foni za mwambo wa chinamwali, agogo ake ali khale pakhonde pomwepo.