Mphindi 12 sizokwanira kuwerengera pepala lanu lonse

Maganizo anga kwa anzanga ochita kafukufuku, makamaka inu amene abstract yanu (chidule cha kafukufuku wanu) yangolandiridwa kumene ndipo mwauzidwa kuti mukalankhule pamsonkhano wa akatswiri a sayansi. Nkhani zambiri za pamisonkhano imeneyi zimawonongeka wolankhula asanalowe n'komwe m'holo. Zimawonongekera pa laputopu, tsiku limene munthu watsegula pepala lake la kafukufuku n'kuyamba kulidula mapisi, ndime iliyonse silaidi yakeyake. Kafukufukuyo amakhala wabwino ndithu, koma omvera amatuluka osadziwa kuti chapezeka n'chiyani.

Tiyambe ndi masamu, poti ndife anthu a manambala. Misonkhano yambiri imapatsa munthu mphindi 15, ndipo 12 n'zolankhula, zitatu n'za mafunso. Munthu wolankhula modekha, kuti amumve ngakhale amene Chingerezi anachiphunzira kusukulu, amatulutsa mawu 120 kapena 130 pa mphindi. Ndiye kuti muli ndi mawu pafupifupi 1,500 basi. Ngati pepala lanu lili ndi mawu 5,000, magawo oposa awiri mwa atatu atsala kunyumba, mufune musafune. Wokana kudula amangoyamba kuthamanga: masilaidi 30, iliyonse masekondi 24, mpweya uli wefuwefu, wapampando akumukwezera kapepala ka "mphindi imodzi" iye asanafike pa zomwe anapeza. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Choncho musanatsegule PowerPoint, lembani papepala chiganizo chimodzi chimene mukufuna kuti munthu akauze mnzake pa nthawi yopumula. Chisapitirire mawu 20, ndipo chinene chinthu chimene wina angathe kutsutsa. "Tinafufuza za mankhwala awiri a chibayo" ndi mutu chabe, palibe angatsutsepo. "Mankhwala A anachepetsa masiku ogona m'chipatala kuposa B, koma kwa ana osakwana zaka zisanu okha" ndiye chiganizo chenicheni. Silaidi iliyonse imene sikuthandiza chiganizo chimenecho ichoke, ngakhale itakhala kuti inakudyerani miyezi isanu ndi umodzi mu labotale. Apa m'pamene mtima umawawa, ndipo apa m'pamene amkhalakale amasiyanirana ndi oyamba kumene.

Kumbukiraninso amene akhala kutsogolo kwanu. Mwina ndinu wachinayi mwa anthu asanu ndi mmodzi mu chigawo chanu. Ena m'holomo adzera wolankhula pambuyo panu. Pamisonkhano ikuluikulu ngati wa American Geophysical Union, umene umasonkhanitsa anthu oposa 20,000 mu Disembala, zipinda zambirimbiri zimayendera limodzi ndipo anthu amathamanga kuchoka chipinda ichi kupita china potsatira ndandanda. Mukapitirira ndi mphindi zitatu, mwasokoneza wolankhula wotsatira ndiponso munthu amene walowa pa nthawi yake kuti adzamumvere. Kwa ine kupitirira nthawi ndi mwano, ngakhale wochitayo akhale pulofesa wotchuka bwanji.

Kagawidwe kanga ndi aka. Mphindi ziwiri zoyamba, nenani vuto ndi funso limene munadzifunsa. Ziwiri zotsatira, njira imene munatsata, ndipo mutchule zokhazo zimene munthu akufunika kuti akhulupirire zotsatira: anthu kapena zinthu zingati, munazisankha bwanji, munayerekeza ndi chiyani. Mphindi zisanu ndi imodzi zipite ku zomwe munapeza. Ziwiri zomaliza, tanthauzo lake ndi malire ake. Masilaidi 10 kapena 12 akwana. Silaidi ija yolemba kuti "chiyambi, njira, zotsatira, mapeto" itayeni, aliyense m'holomo akudziwa kale kuti nkhani ya sayansi imayenda choncho.

Tsopano mutu wa silaidi, womwe ambiri amaupeputsa. Pamwamba pa silaidi pamayenera kukhala chiganizo chonena zimene chithunzicho chikusonyeza. Michael Alley wa ku yunivesite ya Penn State wakhala akuphunzitsa mainjiniya ndi asayansi njira imeneyi kwa zaka zambiri: pamwamba chiganizo chosapitirira mizere iwiri, pansi umboni wake wooneka ndi maso. Ubwino wake ndi woti munthu amene anasokonezedwa ndi foni kwa masekondi 20 akadzutsa mutu amapeza pomwe mwafika. Mutu woti "Zotsatira 2" sumuuza kanthu.

Amene akuganiza kuti izi n'zokongoletsa chabe akumbukire chombo cha m'mlengalenga cha NASA chotchedwa Columbia. Chitanyamuka pa 16 Januwale 2003, chidutswa cha foam, chinthu chopepuka chimene anakutira nacho thanki yamafuta, chinachoka pa thankiyo n'kumenya phiko lakumanzere. Chombocho chidakali m'mlengalenga, mainjiniya a Boeing anakonzera akuluakulu a NASA masilaidi ofotokoza kuopsa kwake. Silaidi ina inali ndi mutu wokhazika mtima pansi, koma pansi penipeni, m'zilembo zing'onozing'ono, munalembedwa kuti zoyesa zimene ankadalira zinali za kachidutswa ka ma cubic inch atatu, pamene chimene chinamenya phiko chinkayerekezedwa kukhala 1,920. Ndiye kuti chinali chachikulu kuwirikiza ka 640. Pa 1 Febuluwale chombocho chinasweka pobwerera kudziko ndipo anthu onse asanu ndi awiri anamwalira. Edward Tufte, katswiri wa kaonetsedwe ka manambala pa zithunzi, anaunika silaidi imeneyo mzere ndi mzere, ndipo lipoti la bungwe lofufuza ngoziyo, lomwe linatuluka mu Ogasiti 2003, linaikamo kuunika kwakeko. Sindikunena kuti silaidi ndiyo inagwetsa chombo, zifukwa zinali zambiri. Koma mfundo yofunika kuposa zonse inali pamalo amene maso amafika pomalizira, ndipo vuto lomweli tikuliwonabe pamisonkhano mpaka lero.

Grafu musaikope kuchokera m'pepala lanu momwe ilili. Ya m'pepala inakonzedwera munthu amene ali ndi nthawi, ali pafupi, angathe kuikulitsa. Ijambuleninso: ngati ili ndi tigawo tisanu ndi kamodzi musankhepo kamodzi kapena tiwiri, zilembo za m'mbali zikule, dzina la mzere uliwonse mulilembe pafupi ndi mzerewo kuti maso asamayendeyende kukafuna kabokosi kofotokoza mitundu. Grafu ikangowoneka, musathamangire kunena tanthauzo. Masekondi 15 oyamba nenani zomwe zili m'munsi, zomwe zili m'mbali, muyezo wake, ndi chimene kadontho kamodzi kakuimira. Inu mwaiyang'ana kwa chaka, iwo akuiwona koyamba.

Ma error bar, timizere ta pa grafu tosonyeza kumwazikana kapena kusatsimikizika kwa muyezo, nenani kuti ndi a chiyani. Standard deviation, standard error ndi 95% confidence interval zimawoneka mofanana pakhoma koma zikunena zosiyana. Ngati munayeza zinthu 25, standard error imachepa kasanu poyerekeza ndi standard deviation, chifukwa mumagawa ndi square root ya 25. Munthu wochenjera m'holomo akaona timizere tating'ono kwambiri popanda kufotokoza, amayamba kukayikira zonse. Lembani n, chiwerengero cha zomwe munayeza, pa grafu iliyonse. Ndipo p-value, nambala yothandiza kuona ngati kusiyana kukanangochitika mwamwayi, musaiike yokha ngati mbendera ya chipambano. Bungwe la American Statistical Association linachenjeza mu 2016 kuti p-value sikuuzani kukula kwa kusiyana kapena kufunika kwake. Onetsani kusiyanako ndi malire ake. Tebulo la mizere 12 ndi mizati 8 palibe amaliwerenga, ndipo mukamva pakamwa panu pakutuluka mawu oti "ndikudziwa kuti simukuona bwino, koma", dziwani kuti silaidiyo siinayenere kukhalapo.

Zilembo zisachepere 24 point. Mitundu yofiira ndi yobiriwira musaidalire posiyanitsa magulu: pakati pa anthu ochokera kumpoto kwa Ulaya, amuna pafupifupi 8 mwa 100 aliwonse saisiyanitsa bwino, ndipo ngakhale m'mitundu ina chiwerengerocho n'chotsikirapo, m'holo ya anthu 100 simungalephere kukhala angapo. Buluu ndi olenji zimagwira ntchito, kapena mndandanda wa mitundu wotchedwa viridis ngati mumajambula ndi mapulogalamu a R kapena Python. Pulojekita imafwifwitsa mitundu, choncho chikasu pa zoyera chimangosowa. Za mtundu wa zilembo musataye nazo tulo. Pa 4 Julayi 2012 ku CERN, labotale yaikulu ya fizikisi ku Ulaya, Fabiola Gianotti analengeza zotsatira za kafukufuku wa ATLAS zokhudza kanthu kakang'onong'ono kotchedwa Higgs boson ndi masilaidi olembedwa mu Comic Sans, zilembo zooneka ngati za ana. Anthu anaseka pa intaneti, koma umboni wamphamvu kwambiri (wa 5 sigma) unali pomwepo ndipo ndi umene unalowa m'mbiri.

Kuyeserera kukhale kolankhula mokweza, mutaimirira, wotchi ili patsogolo. Kuwerenga chamumtima kumanamiza, chifukwa maso amathamanga kuposa lilime. Chitani katatu kapena kanayi, ndipo kamodzi pakhale munthu amene si wa gawo lanu. Mukamaliza mufunseni kuti abwereze zomwe wamva m'chiganizo chimodzi. Ngati chikusiyana ndi chimene munalemba papepala paja, vuto lili kwa inu. Cholinga chikhale kumaliza pa mphindi 11, chifukwa tsiku lenilenilo kusintha laputopu, kulumikiza maikolofoni ndi mawu a wapampando zimadya nthawi yanu. Lowezani pamtima ziganizo zitatu zoyamba ndi ziwiri zomaliza, komanso mawu olumikizira silaidi ina ndi inzake. Zina zonse musaloweze, mukaiwala liwu limodzi mudzangoti kakasi. Dziwiranitu silaidi imene muyenera kukhala mutafika pa mphindi yachisanu ndi chimodzi, ndi iwiri imene mungaidumphe ngati mwachedwa.

Zamakina n'zosavuta koma ndi zimene zimagwetsa anthu. Funsani ngati pulojekita ndi ya 16:9 kapena 4:3. Misonkhano ikuluikulu imafuna kuti mupereke fayilo yanu kuchipinda cha olankhula patatsala maola angapo, ndipo mudzagwiritsa ntchito kompyuta yawo, yomwe mwina ilibe zilembo zimene munasankha, mwakuti ma equation amasanduka timabokosi. Sungani PDF pa fulashi komanso mudzitumizire pa imelo. Vidiyo ikhale m'kati mwa fayilo, osadalira intaneti ya pamsonkhano yomwe anthu mazana akulimbirana. Ngati n'kololedwa kugwiritsa ntchito laputopu yanu, tengani adaputala ya HDMI, ikani pa chaja, tsekani WhatsApp ndi imelo kuti uthenga wa kunyumba usatulukire pakhoma. Fikani m'chipindacho pa nthawi yopumula, mudzidziwitse kwa wapampando, mumuuze katchulidwe ka dzina lanu, ndipo mupite kumpando wakumbuyo mukaone ngati grafu yanu ikuwerengeka.

Polankhula, yang'anani anthu, osati khoma. Ngati maikolofoni ndi yokhazikika patebulo, mukatembenukira kukhoma mawu amazimiririka pomwe mukufotokoza mfundo yofunikayo. Gwiritsani ntchito maikolofoni ngakhale mawu anu ndi aakulu, pali ena osamva bwino ndi ena akutsatira pa intaneti. Kachounikira ka laser sikawoneka kwa otsatira pa intanetiwo, pa sikirini zowala zamakono kamazimiririka, komanso kamaonetsa aliyense kuti dzanja likunjenjemera. Muvi kapena kabwalo kojambuliratu pa silaidi n'kabwino kuposa. Musayambe ndi kupepesa kuti simunakonzekere kapena kuti Chingerezi chanu n'choperewera, palibe anafunsa.

Pa mafunso, mulekeni wofunsa amalize, kenako bwerezani funsolo mwachidule pa maikolofoni. Akumbuyo amalimva, inu mumapeza masekondi oganizira, ndipo ngati linabwera ndi ukali mumalibweza litazizira. Yankho lisapitirire mphindi imodzi, ndipo liyambe ndi "inde", "ayi" kapena "sitinayeze zimenezo". Lachitatuli silochititsa manyazi. Chochititsa manyazi n'kupeka yankho pamaso pa munthu amene wagwira ntchito imeneyo zaka 30. Wina amaimirira n'kuyamba kukamba kafukufuku wake popanda funso. Muthokozeni, nenani kuti mukambirana panja, yang'anani wapampando. Mafunso asanu ovuta kwambiri muwalembe nokha musanapite, ndipo lililonse likhale ndi silaidi yake kuseri kwa yomaliza. Mu PowerPoint mukalemba nambala ya silaidi n'kudina Enter imakufikitsani pomwepo, ndiye lembani manambalawo pakapepala.

Chinthu china chimene ophunzira ambiri sauzidwa: zomwe mwaonetsa pakhoma anthu amazijambula ndi mafoni. Zomwe simunasindikize, gwirizanani kaye ndi anzanu onse ogwira nawo kafukufuku. Ngati pali chinthu chimene yunivesite yanu ikufuna kutengera patent (chikalata cha umwini wa chinthu chotulukiridwa kumene), kuchionetsa pamsonkhano musanalembetse kungathetse mwayiwo ku Ulaya, pamene malamulo a United States amapatsa mwini wake chaka chimodzi. Nkhope za anthu amene munawafufuza zisawoneke popanda chilolezo chawo.

Silaidi yomaliza isakhale ya "Zikomo" ndi chithunzi cha manja akuomba. Imeneyo ndi imene imakhala pakhoma mphindi zonse zitatu za mafunso, kutalika kuposa ina iliyonse. Ikanipo chiganizo chanu chachikulu, grafu imodzi yochiikira umboni, imelo yanu, ndi QR code yopita ku pepala lonse kwa ofuna matebulo aja munawachotsa. Mayina a ogwira nawo ntchito ndi opereka ndalama akhale pa silaidi yoyamba kapena pakamzere ka m'munsi, ndipo musawawerenge mmodzimmodzi.