Phiri siligumuka tsiku limene mvula yayamba

Nthawi zonse nthaka ikagumuka n'kukwirira nyumba, mawu amene timamva ndi akuti "mvula inachuluka." N'zoona inachuluka, koma ine mawu amenewa amandiwawa, chifukwa amatichititsa kuyang'ana kumwamba pamene vuto lili pansi pa mapazi athu. Mvula imangomaliza ntchito imene inayamba kale mkati mwa dothi.

Tengani mchenga wouma m'manja, umangoyoyoka. Muunyowetse pang'ono, umagwirana mpaka mutha kuuumba. Muuthire madzi ambiri, umasanduka phala n'kuyenderera. Dothi la pamalo otsetsereka limachita chimodzimodzi. Chinyontho chochepa chimakoka timibulu ta dothi kuti tigwirane. Koma timipata tonse tikadzaza, madzi aja amayamba kukankha timibuluto kuti titalikirane, ndipo kukhuzana kumene kumagwira phiri kumachepa. Katswiri wina, Karl Terzaghi, anafotokoza mfundo imeneyi m'zaka za m'ma 1920, ndipo mainjiniya akuigwiritsabe ntchito mpaka lero.

Onjezerani kulemera. Mvula ya mamilimita 100 ikagwa pa hekitala imodzi, ndi matani 1,000 a madzi. Ena amathamanga pamwamba, koma ambiri amalowa pansi. Ndiye dothi likulemera pa nthawi yomweyo imene likufooka. Pansi pake pakakhala thanthwe kapena dongo losalola madzi kudutsa, madzi amaunjikana pamenepo n'kupanga poterera, ndipo chigamba chonse cha pamwamba chimatsetsereka ndi mitengo yake yomwe.

N'chifukwa chake ine ndimaopa mvumbi wa masiku angapo kuposa mvula ya mabingu ya ola limodzi. Mvumbi suchita phokoso, umalowa pang'onopang'ono mpaka dothi litakhuta. Kenaka pakabwera mvula yamphamvu, zatha. Ndipo nthawi zina phiri limagumuka kutacha bwino, mvula italeka, anthu atayamba kuyanika zovala, chifukwa madzi amakhala akutsikabe pansi.

Ku Aberfan, m'dziko la Wales, pa 21 Okutobala 1966, mulu wa zinyalala za mumgodi wa malasha unagumuka pambuyo pa masiku a mvula n'kukwirira sukulu ya pulaimale ya Pantglas. Anthu 144 anafa, mwa iwo ana 116. Muluwo unaunjikidwa pamwamba pa akasupe, ndipo akasupewo ankadziwika. Ku Freetown, m'dziko la Sierra Leone, pa 14 Ogasiti 2017, mbali ya phiri la Sugar Loaf inagumuka m'mamawa, anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Kumeneko nkhalango inali itadulidwa ndipo nyumba zinali zitakwera phiri. Ndikaganiza za ana aja a ku Aberfan atangolowa m'kalasi m'mawa, sinditha kuvomereza kuti mlandu wonse ndi wa mvula.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi mmene timadulira tsinde la chitunda kuti tipeze malo athyathyathya omangapo nyumba kapena msewu. Tsinde lija ndi limene limachirikiza dothi lonse la kumtunda. Tikalichotsa timamanga khoma lolimba la miyala ndi simenti, n'kumanyadira kuti tateteza. Koma khoma lopanda mabowo otulutsira madzi ndi damu. Madzi amadzaza kuseri kwake n'kuligwetsa, nthawi zambiri pa nyumba imene linamangidwa kuti liiteteze. Kwa ine ngalande yabwino kumtunda, yopatutsa madzi asanalowe m'dothi, ndi yofunika kuposa khoma lokhuthala. Madzi a padenga, paipi yodontha, dzenje la chimbudzi pamwamba pa chitunda, zonsezi zimamwetsa dothi chaka chonse.

Mitengo imathandiza, koma tisaiyike pamalo amene siingafike. Mizu imasoka dothi la pamwamba, mwina mita imodzi kapena awiri, ndipo imayamwa madzi. Kugumuka kochokera pansi kwambiri mizu siingakuletse. Komanso mukadula mitengo lero, phiri silisintha mawa; zitsa zimagwirabe kwa zaka zingapo, mizu ikaola ndi pamene ngozi imafika, anthu ataiwala kale za nkhwangwa.

Phiri limachenjeza nthawi zambiri lisanagwe. Mng'alu watsopano kumtunda umene ukukula, mitengo ndi mapolo opendekeka, chitseko chimene chayamba kukana kutsekeka, kasupe wotumphuka pamene panalibe, mtsinje umene wachita matope mwadzidzidzi kapena waphwa mvula ikugwa. Mukaona izi usiku wa mvumbi, dzutsani ana, dzutsani oyandikana nawo, chokani cham'mbali osati motsata chigwa, chifukwa matope amatsika m'chigwamo ndi liwiro loposa munthu wothamanga. Katundu msiyeni.