Nthambo za ku Tete zisatigonetse tulo

Ndikamva anthu akuti nthambo zochokera ku Matambo, ku Tete, kudzafika ku Phombeya ku Balaka ndizo zithetse kuthimathima kwa magetsi, ine ndimangopukusa mutu. Kufunika n'zofunikadi. Mgwirizano wa SAPP, momwe mayiko a kuno kummwera amagulitsirana magetsi, unayamba mu 1995, koma ife tinakhala zaka zambirimbiri opanda nthambo yaikulu yotilumikiza ndi anzathuwo. Vuto n'lakuti, chaka cha chilala atigulitse ndani?

Mu 2024 madzi atatsika ku damu la Kariba pa mtsinje wa Zambezi, abale athu a ku Lusaka ankatha maola oposa 20 pa tsiku ali mumdima. A ku Zimbabwe nawo amadalira damu lomwelo. Cahora Bassa ya ku Mozambique ili kumunsi kwa Zambezi yemweyo. Mvula ikakana, imakanira dera lonse pakamodzi, ndipo aliyense amayamba wadyetsa ana ake kaye. Magetsi otsalawo mtengo wake umakwera, kulipira kwake ndi madola, omwe aja timawasowa mpaka pamzere wa mafuta.

Kwathu kuno nako n'chimodzimodzi. Nkula, Tedzani, Kapichira, zonse zandanda pa Shire. Mpatamanga amene tikumudikirayo, pa Shire pomweponso. Namondwe Ana atagumula damu la Kapichira mu Januwale 2022, mamegawati pafupifupi 130 anapita usiku umodzi. Osanenanso za namasupuni ndi matope otsika m'mapiri amene tawameta mpala chifukwa cha makala.

Pomwe ofuna magetsi akungochuluka. MAREP, pulogalamu ya boma yofikitsa magetsi kumidzi, ikafikitsa mapolo pa tireding'i senta, mwezi sutha wina wabweretsa chigayo, wina wayamba kuwotcherera mafelemu, wometa wagula mashini. Ndiye chitukukocho. Koma magetsi akathima, wowotchererayo amangokhala pabenchi kuyambira m'mawa, ndodo zake zili m'manja, renti ikuwerengabe.

Sola ya ku Salima ya mamegawati 60 imathandiza masana, inde, koma dzuwa likamalowa, nthawi imene amayi akutereka poto wa nsima ndipo nyumba iliyonse yayatsa mababu, iyo yaweruka. N'chifukwa chake ine ndimayamikira za ku Golomoti: mamegawati 20 okha, koma anaikapo mabatire osunga mphamvu. Kukanakhala kwa ine, aliyense wofuna chilolezo chomanga sola yaikulu akanamauzidwa kuti abwere ndi mabatire ake, apo ayi abwerere. Dzuwa la ku Nsanje ndi ku Karonga silidikira madola a munthu.