Chenjezo kwa odwala shuga: musataye mankhwala chifukwa cha chamwamba

Abale anga odwala matenda a shuga, ndi inu ana amene mumawasamalira, tcherani khutu. Khalidwe lafalali lotaya mapiritsi a kuchipatala chifukwa mwagula kabotolo ka ufa wa chamwamba, uwu akuutcha moringa, lisiyeni msanga.

Mtengowu sindikuunyoza ayi. Unachokera ku India, ndipo ku Chikwawa ndi ku Nsanje masamba ake akhala ndiwo kuyambira kale, zotendera bwinobwino. Muli mavitamini, ayironi ndi zomanga thupi. Idyani ndithu. Chikundikwiyitsa ndi bodza lakuti ufawu umachiza shuga. Kafukufuku wambiri amene ogulitsa amatamanda anachitika pa makoswe. Wochitika pa anthu alipo, koma anali wa anthu ochepa, kwa masabata kapena miyezi yowerengeka, ndipo kwina shuga anatsika pang'ono chabe, kwina sanasinthe n'komwe. Palibe anaonetsa kuti munthu angasiye mapiritsi a shuga a metformin kapena jakisoni wa insulin.

Vuto la shuga n'lakuti amawononga osapweteka. Munthu wasiya mankhwala miyezi itatu, akuyenda akunena kuti "ndikupezako bwino", chonsecho sanayezetse. Kumva bwino si muyezo. Muyezo uli pa kamakina kobaya chala kaja: ngati m'mawa musanadye kakuonetsa 126 mg/dL kapena kuposa, shuga akadali wokwera, ndipo akudya mitsempha ya m'maso, impso ndi mapazi. Mudzazindikira maso atayamba chifunga, mapazi achita dzanzi, kachilonda ka pachala kakukana kupola mpaka madokotala ayambe kukamba zodula mwendo. Pamenepo wogulitsa uja simudzamuona.

Ena simunasiye mankhwala, koma mukuphatikiza mwachisawawa. Agogo amwa mapiritsi a shuga a glibenclamide m'mawa, mdzukulu wawathirira masupuni atatu a ufa m'tiyi, phala sanadye, anyamula khasu ulendo kudimba. Glibenclamide payekha amatha kugwetsa shuga kwambiri munthu akapanda kudya, makamaka okalamba. Nanga mukawonjezerapo china chimene mphamvu yake simukuidziwa? Shuga akatsika kufika pansi pa 70 mg/dL, munthu amanjenjemera, amatuluka thukuta lozizira, amachita chizungulire, amayankhula zosokonekera ngati waledzera, kenako amakomoka. Akadali maso ndipo akutha kumeza, mumwetseni madzi osungunuliramo masupuni atatu ang'onoang'ono a shuga, adye chakudya pambuyo pake. Akakomoka musamuthire kanthu m'kamwa, angatsamwe. Thamangirani naye kuchipatala.

Inunso ogulitsa m'maminibasi, m'misika ndi pa WhatsApp, chitani manyazi. Botolo lopanda tsiku lopangira, lopanda mlingo, masamba oyanikidwa pafumbi, koma pakamwa mukuti likuchiza shuga, BP, nyamakazi ndi kusabereka nthawi imodzi! Mukudyera pa mantha a anthu odwala. Ena mwafika pogulitsa mizu ndi makungwa, zomwe n'zoopsa kusiyana ndi masamba, makamaka kwa amayi oyembekezera.

Safunsa anadya phula. Ngati mtima wanu uli pa ufawo, tsiku la sikelo yanu ya shuga nyamulani botololo pamodzi ndi buku la kuchipatala, muwaonetse adokotala, muwauze kuchuluka kwa umene mukumwa patsiku. Akuyezeni, ndipo ngati pali chosintha pa mlingo wa mankhwala, asinthe ndi iwowo.